Ndinaulonjera Ukali Wanga

Kumudzi kwathu, kuseri kwa Sinda, mlendo akafunsa nyumba yanga samuuza za mtengo wa mango kapena za malata. Amangomuuza kuti ayende molunjika, akamva mawu aime. Pakamwa panga ndi potero, ndipo kwa zaka zambiri sindinkaona vuto. Ana anga anayi anakula osaba nkhuku ya munthu, mbuzi za anansi zinaphunzira malire a munda wanga popanda mpanda, ndipo kutchalitchi anandiika m'gulu la alangizi a atsikana ndi maanja atsopano chifukwa sindizungulira nkhani. Amuna anga, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, amauza anzawo kuti chikwatirireni ine sanaonepo chifukwa chogulira wailesi.

Chaka chimene mwana wanga wamkulu anatenga pakati, pakamwa pomwepo panandilanda chinthu. Mwanayu anakwatiwa ku Vubwi, kwa mnyamata wogulitsa zitenje ndi sopo m'misika ya m'malire, ndipo iye amathandiza nawo malondawo. Chindiuzireni kuti ndi woyembekezera, foni yake ndinaipatsa ntchito. M'mawa ndimufunse ngati wasenza madzi. Masana ndimufunse wadya chiyani, ndipo chilichonse chimene wadya chikhale cholakwika. Nditamva kuti amakwera njinga yamoto popita kumsika, pamsewu wa mabampu uja, ndinalalata mpaka nkhuku zinachoka pabwalo. Kwa ine chimenecho chinali chikondi, ndipo ndinkadabwa kuti sakuthokoza.

Tsiku lina anaimba yekha, zimene anali atasiya kuchita. Analankhula mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati mawu amene wawaloweza.

"Amayi, pachikuta adzakhala nane ndi apongozi anga. Inu mudzabwere mwana akatuluka."

Chikuta, masiku aja amene mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, kwathu kuno ndi malo a mayi womubala, makamaka pa mwana woyamba. Ndiwe amene umamutenthetsera madzi, kumuthowa, kumuonetsa kagwiridwe ka khanda. Ine ndinali nditasunga kale ufa wa phala ndi zitenje ziwiri zofewa. Ndinafunsa chifukwa, ngakhale ndinkachidziwa. Anati foni yanga ikalira, mwana amaleka kusewera m'mimba. Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Ine ndinamuuza za ululu umene ndinamva pomubereka, za ana amakono osayamika, ndi za asewele angawo, apongozi akewo, amene sadziwa n'kukomwe kumanga thewera. Nditamaliza ndinapeza kuti foni anadula kalekale. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinalibe womuuza, chifukwa aliyense akanati ndadziputira ndekha.

Pasanapite nthawi mutu unayamba kundiwawa kunkhongo, ndikawerama m'munda maso ankachita mdima. Amuna anga anandikweza minibasi ya ku Katete. Kuchipatala namwino anandiyeza magazi kawiri, n'kundifunsa ngati ndikuganiza kwambiri. Ndinamuyankha kuti chosaganiza ndi ng'ombe yokha. Anaseka, anandipatsa mapilitsi, kenako n'kunditumiza kukachipinda ka kumapeto kwa khonde, akuti kuli mlangizi. Ndinkayesa ndi wa zakudya, woti akandiletse mchere. Ndinapeza mipando iwiri yoyang'anana, popanda tebulo pakati, ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga yemweyo, tsitsi loluka, nsapato za mpira. Mumtima ndinati ine, amene ndalangiza theka la maukwati a mumpingo mwathu, lero ndilangizidwe ndi mwana wa dzana.

Koma sanandilangize. Ankangofunsa, m'Chinyanja chawo cha patauni chosakaniza ndi Chingerezi, n'kudikira. Kudikira kwakeko n'kumene kunandigonjetsa, chifukwa ine pakakhala zii ndimalephera kupirira. Ndinapezeka ndafotokoza zonse, za Vubwi, za njinga yamoto, za chikuta. Ndinamuuza kuti ngati ali ndi mankhwala ophera ukali andipatse, poti kusala kudya ndinasala, akulu ampingo anandipempherera n'kuudzudzula, koma umangophukanso ngati kaufiti m'munda wa chimanga.

Anandifunsa kuti foni ikadulidwa, amene amakhala pakhonde n'kumadandaula kuti ndalankhuliranji zimenezi ndani. Ndinati ndine. Nanga wolalata uja? Ndinati ndinenso. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti m'kati mwanga muli oposa mmodzi. Pamenepo ndinagwira chikwama changa. Ndinamuuza kuti ngati akunena za ziwanda wasochera, ine ndine munthu wobatizidwa.

"Sindikukamba za ziwanda, amayi," anatero akumwetulira. "Ndikukamba chabe zimene inu mumakamba kale. Simunanenepo kuti mtima wina ukuti ndipite, mtima wina ukuti ndikhale?"

Ndinali nditanena mawu omwewo m'mawa wa tsiku lomwelo, pokwera minibasi. Ndinabwezera chikwama pansi. Anafotokoza kuti munthu aliyense ali ngati khomo la anthu ambiri: pali wolimbikira ntchito, pali wamanyazi, pali woteteza ena, pali wobisala kuchipinda amene satuluka. Palibe woipa mwa iwo, anatero, aliyense ali ndi ntchito imene anadzipatsa tsiku lina zinthu zitavuta. Ndipo pamwamba pa onsewo pali mwininyumba, amene amatha kukhala pansi n'kumvetsera aliyense. Vuto langa silinali loti pakhomo pali wolalata, koma loti akafika mwininyumba amathawa n'kumusiyira mpando.

Kenako anandipempha kuti nditseke maso, ndipeze pamene ukaliwo umakhala m'thupi, ndiulankhule. Kuupeza sikunavute, umakhala pakhosi penipeni, wotentha. Kuulankhula ndiye ntchito imene ndimaidziwa. Ndinati iwe chitsiru, iwe wandilanda mwana, choka mwa ine, ubwerere kumene unachokera. Ndinalankhula mokweza moti wina anasuzumira pazenera.

Mtsikanayo anandisiya ndimalize. Kenako anafunsa kuti ukaliwo wakhala nane kuyambira liti. Ndinaganiza pang'ono n'kunena kuti mwana wa ku Vubwi uja asanabadwe unalipo kale.

"Ndiye ndi akuluakulu amenewo," anatero. "Manje kwanu ku Sinda, munthu wamkulu akafika pakhomo mumamuti iwe?"

Funso limeneli linandichititsa manyazi kuposa kutukwanidwa. Ine ndi amene ndimaphunzitsa atsikana kuti mlendo sumufunsa chimene wadzera ali chiimire. Umamulandira katundu, umayala mphasa, umagwada n'kumulonjera, madzi akumwa, ndipo nkhani imatuluka yokha iye akapuma. Ngakhale wobwera kudzakuimba mlandu amayamba walonjeredwa. Ndiye mwana uyu ankati ndichite zomwezo kwa chinthu chimene chandinyazitsa pamaso pa asewele anga. Ndinamuuza kuti zamasewera sindichita. Sanandikakamize. Anati ndikaganize, ndipo ndikadzabwera kudzayezetsanso magazi ndidzagogode pachitseko chake. Ulendo wonse wobwerera ku Sinda ndinkamunyoza chamumtima, ndipo kondakitala amene anandiponda phazi analipirira zonse.

Inali nyengo yokolola itatha, dzuwa la masana, ife tili pansi pa mtengo kuswa mtedza. Amuna anga anatchula, mosaganiza kanthu, kuti mkamwini waimba, akuti ali bwino onse, dzulo anapita limodzi kumsika wa kutsidya kwa malire. Limodzi, panjinga yamoto, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Moto uja unakwera pakhosi nthawi yomweyo, dzanja linali litafika kale pa mfundo ya chitenje pamene ndimamangirira foni. Sindidziwa chimene chinandigwira. Mwina ndinkangofuna kudzakamuuza mtsikana wa ku Katete kuti nzeru zake ndayesa ndipo n'zachabe. Ndinasiya foni, ndinasuntha pang'ono pamphasa ngati ndikusiyira munthu malo, n'kunena mokweza kuti, "Fikani. Khalani pansi. Mwaswera bwanji?"

Amuna anga anatembenuka kuyang'ana kunjira. Kunalibe munthu, koma galu wa anansi. Anayang'ana kuseri kwa nkhokwe, kenako anandiyang'ana ine, mtedza uli m'manja. Anafunsa motsitsa mawu ngati ndikuona anthu amene iwo sakuwaona, ndipo ngati ndi mashawe, mizimu ija yogwira munthu, ndinene msanga akaitane abusa zinthu zisanafike povina. Ndinayesa kufotokoza za mitima ndi mwininyumba, koma ndinafotokoza mokhotakhota moti nkhope yawo inangoipiraipira. Pomaliza anafunsa funso limodzi lokha, ngati ndiye kuti mwana sindimuimbira. Nditati sindimuimbira, anatola mtedza wina n'kunena kuti alendo oterowo azibwera tsiku lililonse, nkhuku yowaphera ilipo.

Mlendoyo sanayankhe kanthu tsiku limenelo. Chimene chinachitika n'chakuti moto unatsika kuchoka pakhosi n'kukakhala pachifuwa, ndipo unakhala pamenepo ngati munthu amene wadabwa kuti sanathamangitsidwe. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ukali ndi ine sitili chinthu chimodzi, chifukwa panali wina amene ankauyang'ana, ndipo woyang'anayo mtima wake unali m'malo. Ndinapitiriza kutero masiku otsatira, pena chamumtima, pena mokweza ndikakhala ndekha kudimba. Si nthawi zonse zinkatheka. Mbuzi zitalowa m'mbatata, mwini wake anamva zonse monga mwa kale, ndipo kunena zoona zimenezo sindinadandaule nazo.

Nditabwerera ku Katete ndinagogoda pachitseko chija ndisanapite n'komwe koyezetsa magazi. Mtsikanayo sanati ndinakuuzani. Anangoti popeza mlendo wakhala pansi ndipo walonjeredwa, tsopano tingathe kumufunsa. Funso lake linali lakuti: mukuopa kuti chingachitike n'chiyani mutasiya kulalata? Anandichenjeza kuti ndisayankhe ndi nzeru zanga za ulangizi, ndingofunsa n'kudikira. Ndinatseka maso, ndinafunsa mwaulemu wonse, ndi inu wake. Ndinkayembekeza kumva za njinga yamoto. Yankho linabwera lathunthu, ngati mawu a munthu amene wakhala zaka akudikira kufunsidwa: ndikakhala chete, adzamunyamulanso amayi okhaokha kupita naye kumphepete kwa manda.

Ndinatsegula maso. Nkhani imeneyo sindinaiuzepo munthu, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndinaiiwala.

Mwana wa ku Vubwi si amene ndinayamba kutenga pakati pake. Ndinakwatiwa ndili wamng'ono, amayi anga atamwalira kale, amuna anga ali kutali kumafamu. Mimba yoyambayo ndinayenda nayo popanda wondiuza kanthu. Ndinkasinja, kutunga, kulima, monga aliyense, ndipo mwana atasiya kusewera sindinadziwe kuti n'chinthu choti munthu anene. Anabadwa osalira. Kwathu mwana wotero amatchedwa nthayo, ndipo sakhala ndi maliro. Amayi achikulire anamukulunga ine ndisanamuone, anakamuika m'kadzenje kosazama, amuna osapitako, nyimbo osaimba. Atabwerako azakhali anga anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisalire, misozi ingatseke njira ya ana ena. Sanali ankhanza. Ankandifunira zabwino monga mmene iwonso anaphunzirira, ndipo ine ndinamvera. Nditayamba kutuluka ndinapita kuchitsime, mtsikana wina anandidumpha pamzere, ndipo ndinamulalatira mpaka anasiya ndowa. Amayi onse anaseka n'kunena kuti wachira, ndi wolimba mtima uyu. Ukali wanga unabadwa pachitsime pamenepo, ndipo unalandiridwa ndi manja awiri.

Ndinamufotokozera mlangiziyo zonsezi ndi mawu ouma, ngati nkhani ya munthu wina. Anandifunsa kuti tsopano mlendo wanga ndikumuona bwanji. Ndinati akuluakulu ananena kuti galu wamkota sakandira pachabe. Zaka zonsezi ndinkayesa ndili ndi chilombo, pamene ndinali ndi mlonda amene analumbira kuti pakhomo pano sipadzafanso mwana chifukwa chosowa womuchenjeza. Anati ndimuthokoze. Ndinamuthokoza, ndipo sizinali zamasewera. Kenako anati ndimupemphe, ngati angalole, asunthe pang'ono kuti tione amene wakhala akumutchingira kumbuyo. Akakana tisakakamize, tidzapemphanso tsiku lina.

Sanakane. Kumbuyo kwake kunali mtsikana atagona pamphasa, nkhope kukhoma, mawere akuwawa ndi mkaka wopanda woyamwa, mano atawaluma kuti mawu asatuluke. Mlangiziyo anafunsa msinkhu wake. Ndinati ndi wamng'ono kuposa mwana wanga wa ku Vubwi, wamng'ono kuposa atsikana amene ndimawalangiza kutchalitchi. Anati ndimulankhule. Popeza ndinali nditaphunzira phunziro langa, ndinayamba ndi inu, fikani, takulandirani. Sizinagwire. Mawuwo ankamudutsa pamwamba ngati akupita kwa munthu wina. Kenako pakamwa panatuluka mawu amene ndinaletsedwa mwezi wathawo, koma anatuluka mwa mtundu wina, mmene umanenera kwa mwana amene ukumukweza pamiyendo.

"Iwe," ndinatero. "Iwe mwana, tembenuka. Lira, palibe chimene chitsekeke. Ana anabwera, anayi, onse ali moyo."

Ndinalira m'kachipinda kaja kulira kumene kunachedwa zaka zoposa makumi awiri. Sikunali kulira kwaulemu. Mlangiziyo sanandigwire kapena kunditonthoza kuti basi, anangosendeza mpando wake pafupi n'kukhala. Nditatopa ndinamva njala yoopsa, ndipo nditatuluka ndinagula chimanga chootcha pamsika n'kudya ndili chiimire ngati mwana wasukulu. Thupi linali lopepuka, koma ndinali ndi chisoni chenicheni, chatsopano, ngati maliro achitika dzulo.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinawauza amuna anga kumene ndinali ndi chimene ndinalira. Chikhalireni m'banja nkhani imeneyi tinali tisanaitchulepo. Iwo anangolandira uthenga kumafamu kuja wakuti zalephereka, ndipo mwamuna safunsa zambiri pa zotere. Madzulowo anati anali atagula kashawelo koyera, ndipo pobwera anakasiya m'basi dala kuti ndisakaone. Tinakhala pakhonde mpaka ng'ombe zinalowa m'khola.

Tsopano panali chiyeso. Ndinkadziwa kuti nditamuuza mwana wanga nkhaniyi, mtima wake ungafewe ndipo chikuta ndingachipeze. Koma ndine mlangizi, ndimadziwa kuti woyembekezera sumuuza za nthayo, ndipo ngakhale pakanapanda mwambo, sindikanamusenzetsa mantha anga kuti ndigule nawo malo. Choncho ndinangoyamba kuimba mwa apo ndi apo, kufunsa mmene wadzukira, n'kutseka pakamwa. Kutseka pakamwa ndi ntchito yolemetsa kuposa kupalira. Ndisanaimbe ndinkayamba ndalonjera mlonda wanga, kumuuza kuti ndamumva, kuti nkhawa yake ndi yoona, koma alole ndilankhule ndine. Tsiku lina analanda foni ndithu, pa nkhani ya kuchapa mabulangete kumtsinje, ndipo ndinaimbanso mawa lake kupepesa. Mwanayo anadabwa kwambiri ndi kupepesako moti anaimbira bambo ake kuwafunsa ngati kuchipatala anandipeza ndi matenda aakulu amene tikumubisira. Bambo akewo anamuuza kuti ayi, amayi ako ali bwino, angoyamba kulonjera alendo osaoneka.

Za chikuta sindinatchule, iyenso sanatchule. Mwezi wa mwambo wa Kulamba unafika, malole odzaza anthu akudutsa pamsewu waukulu kulowera ku Mkaika, ndipo masiku ake anali atayandikira. Ufa wa phala uja ndinali nditayamba kuganiza zoutumiza ndi munthu. Ndinali nditavomera kuti mwina ndachedwa, kuti mwana amene wakula akulalatiridwa sangasinthe maganizo chifukwa cha mafoni ochepa aulemu, ndipo akanakhala ndi ufulu wonse.

M'mawa wina ndikusesa pabwalo anaimba. Anandiuza kuti dzulo anapita kusikelo, ndipo popeza galimoto kunalibe anakwera njinga yamoto, ndipo pamlatho wina anatsala pang'ono kugwa. Ananena zimenezi momveka bwino, kenako anakhala chete. Ndinadziwa kuti akundiyesa, ngati munthu woponda pamtengo wowolokera kuti aone ngati uli wolimba. Moto unakwera mpaka m'makutu. Mawu onse anali okonzeka, a iye, a mwamuna wake, a asewele, a woyendetsa njingayo ndi makolo ake. Ndinatsamira tsache. Chamumtima ndinati khalani pansi, mayi, ndakuonani, ndinena ndine chimene mukufuna kunena. Ndiyeno ndinanena chimene chinali pansi pa zonsezo, chimene sindinamuuzepo mwana wanga aliyense.

"Ndikuopa, mwana wanga. Chiyambireni mimba yakoyi ndili ndi mantha, ndipo ndikaopa ndimalalata."

Ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako ndinamva akupuma mwa munthu amene akulira.

"Inenso ndikuopa, amayi. Ndimafuna kukuuzani, koma mumayamba ndinu kukalipa." Anafwenthera, n'kuwonjeza kuti, "Bwerani. Apongozi akhalapo ndithu, ndinawalonjeza. Koma bwerani."

Ndinanyamuka mawa lake, ufa pamutu, zitenje m'chikwama, kudzera ku Katete ndi ku Chadiza, fumbi mpaka m'mano. Chigawo chomaliza cha ulendowo galimoto inasowa, ndipo ine amene ndinanyoza njinga zamoto chaka chonse ndinafika kwa mkamwini nditakwera pa imodzi, nditamukumbatira mnyamata wa eni ake ngati mwamuna wanga. Asewele anandilandira bwino kuposa mmene ndinayenera. Ndi mayi wodekha wolankhula Chichewa cha kutsidya, ndipo thewera amamanga bwino kundiposa.

Mwana anabadwira kuchipatala chaching'ono cha kumeneko dzuwa likutuluka, wamkazi. Ine ndi asewele tinali pabenchi panja. Pakati pa mawu a namwino ndi kulira kwa khanda panadutsa kanthawi kochepa, mwina kongokwana kumeza malovu, koma m'kanthawi kameneko onse a m'kati mwanga anaimirira. Sindinathamangire chitseko. Ndinagwira dzanja la asewele mwamphamvu moti pambuyo pake anandionetsa zikhadabo zanga pakhungu lawo. Khandalo litalira, lokwiya, la mawu aakulu, asewele anati ameneyu watengera kuchikazi, ndipo tinaseka mpaka misozi.

M'chikuta tinagawana ntchito popanda kukangana kwenikweni. Iwo kuphika, ine kuthowa ndi kusambitsa. Mlonda wanga sanasowe chochita: ndi amene ankaimitsa pakhomo anthu achifuwa ofuna kuona mwana, ndipo mwana wanga anati pa ntchito imeneyo yokha ndisamamuletse. Masana ena asewele atapita kuchigayo, khanda lili kubere, mwana wanga anandifunsa kuti mantha aja anachokera kuti, poti ana tonse anayi munatibereka bwinobwino. Tsopano anali atachira, ndipo panalibenso chondiletsa. Ndinamuuza zonse, za mphasa, za azakhali, za chitsime, ngakhale za kashawelo ka bambo ake. Anamvetsera osandidula, dzanja lake likusisita kamutu ka mwana.

Anafunsa ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Ndinati sindidziwa, sanandiuze, ndipo ine sindinafunse. Kenako anafunsa kuti anthu akandifunsa kuti ndili ndi ana angati ndimati angati. Ndinati anayi, monga akudziwa.

"Muziti asanu," anatero. "Ine ndine wachiwiri."

Anachotsa khanda kubere n'kundipatsa kuti ndiligeyetse, ndipo anagona kuyang'ana kwa ine mpaka tulo tinamutenga.

Mchombo utagwa, amayi a m'mudzimo anabwera kudzaona mwana akutuluka. Mmodzi wa iwo, wachikulire, anakhala pafupi nane pamphasa, tinalonjerana, anafunsa za mvula ya ku Sinda ndi za ulendo. Kenako anafunsa funso limene amayi amafunsana kulikonse, kuti kwanuko Mulungu anakupatsani angati. Mwana wanga anali pakhomo, khanda m'manja, akundiyang'ana.

"Asanu," ndinatero. "Woyamba anatsogola."

Mayiyo anagwedeza mutu, anati pepani, n'kundigwira dzanja. Anali pepani woyamba amene ndinalandira pa mwana ameneyo.